Kadiso ka pa Dashibodi

Bambo anga Ermete anagula galimoto iyi
chaka chomwe ndinaguluka dzino loyamba.
Fiat yobiriwira, ya chitseko chouma mutu
chomwe chimatseka pokhapokha uchigunde ndi bondo.

Pakati pa Moneglia ndi Riva
msewu umalowa m'mimba mwa phiri,
m'mphanga zakale momwe munkadutsa sitima,
zopanikiza, zodontha madzi ngakhale m'chilimwe.
Lachiwiri lina analowamo osayatsa magetsi.
Mnyamata wa njinga yamoto anapulumukira m'kamwa mwa mbuzi,
ndipo wapolisi anaimbira ine.

"Sindinaiwale," anatero tikudya.
"Njira ija ndimaidziwa ngati lilime lidziwira mano."
Makiyi awo ndinali nditawapeza m'firiji m'mawa womwewo,
pambali pa tchizi.
Ndinangowapatsira mchere.

Kaphukusi kanafika pa positi:
kabokosi kakuda, mawaya asanu, fyuzi,
pepala la malangizo la chinenero chotsimphina,
ndi kadiso kagalasi, kochepa ngati batani la malaya,
koti kakaona mdima kaziyatsa kokha nyali.

Loweruka ndinagona chagada kunsi kwa chiwongolero,
miyendo kunja, tochi kukamwa.
Kumeneko kunali fumbi la zaka makumi atatu,
tikiti ya poimikapo magalimoto,
ndi kapini ka tsitsi ka malemu amayi
kamene ndinakaika m'thumba mwakachetechete.
Wofiira ku batire. Wakuda ku chitsulo.
Wachikasu ndinausokoneza,
hutala inalira mpaka galu wa a Fulvio anachita misala.
Fyuzi inapsa kawiri.

Iwo anaima potero atagwira tepi,
ngati munthu woperekeza wodwala.
"Nives, zaka makumi asanu ndakhala ndikuyatsa ndekha.
Lero chitsulo chizindiuza kuti kwada?"

Ndinamata kadisoko pa dashibodi,
n'kukaphimba ndi chikhatho.
Modzi, wiri, tatu.
Kabokosi kanati tha!
ndipo khoma la garaja linayera mbee,
masipanala onse ali pa misomali yawo
ndi zithunzithunzi zawo kumbuyo.
Bambo anayang'ana khomalo nthawi yaitali.
Anati utoto wayamba kusupuka.

Patatha sabata a Fulvio anandiimitsa pogula buledi:
"Mkulu uja akuyenda nyali zili ngwee dzuwa lili paliwombo,
ngati akutsogolera maliro."
Ndinamasulanso zonse, ndinayeza waya uliwonse,
ndinatukwana amene anagulitsa kabokosi.
Vuto osalipeza.
Kenako ndinawaona akukwera:
anavula chipewa chawo chaubweya
n'kuchikhazika pa dashibodi, pa kadiso penipeni.

"Bambo, chipewacho chikuphimba..."
"Ndikudziwa," anatero, akukonza galasi loonera kumbuyo.
"Iziyaka chifukwa ndanena ine."

Sindinawatsutse.
Koma dzulo ndinawatsatira chapatali pa galimoto yanga.
Pakhomo pa mphanga loboti inali yofiira,
mzere wa magalimoto, nyanja ikumenya miyala kumunsi,
wina akudya pichesi atatulutsa chigongono pawindo.
Ndinkaona dazi lawo kudzera pagalasi lakumbuyo.
Kenako dzanja linatambasuka, linatola chipewa,
n'kuchibwezera kumutu; mwina anamva mphepo.
Nyali zinazima.

Loboti inasintha.
Fiat inakhosomola, n'kulowa.
Phiri linaimeza yonse, mtundu ndi nambala yomwe,
ine mapazi ali zii pa mapedulo,
ndikuwerenga mokweza ngati mwana wa sukulu.
Modzi.
Wiri.
Wakumbuyo kwanga anayamba kuliza hutala.

Tatu,
timakala tiwiri tofiira tinatukuka mumdimamo,
tikunka tichepa, tikukhotera kumanzere
komwe msewu umakhota.
Sindidziwa ngati linali dzanja lawo pa swichi yakale
kapena kadiso kanga.
Madzulo sindinafunse.
Anali kudandaula za mtengo wa petulo,
chipewa chili pa bondo.